Ndinasankha Ndege ya Mipando Yogoneka

Ndege yoyamba kukwera m'moyo wanga ndinachita kuisankha ndekha, ndipo mpaka lero ndikaikumbukira ndimafuna kubisa nkhope.

Zinali zaka zimene nkhondo ya ku Mozambique inkakhuthulira anthu m'dziko muno. Ine ndinali kalaliki pa bungwe lina lothandiza othawa nkhondo, ofesi yathu ili pa boma ku Mangochi. Ntchito yanga yeniyeni inali kumasulira, chifukwa Chiyao ndinachita kuyamwira, ndipo Chingerezi ndinkachithyola ndithu, mwinanso mopitiriza muyeso. Kawiri pa sabata tinkakwera phiri kupita ku Namwera, kumene anthu ochokera kutsidya kwa malire anamanga misasa pafupi ndi midzi ya abale awo.

Kumeneko kunali mkulu wina amene tonse tinkangomutcha a Mwalimu, popeza kwawo ankaphunzitsa ana ku madarasa, sukulu ya Chisilamu. Anali munthu wochepa thupi, wolankhula motsitsa mawu. Koma akayamba kufotokoza mmene mudzi wawo unapsera ndi mmene anayendera m'tchire ndi ana a eni, ngakhale dalaivala wathu, munthu wosachedwa kutopa ndi nkhani, ankazimitsa injini n'kutsika.

Tsiku lina kunabwera kalata. Ku Australia kunali msonkhano wokamba za othawa kwawo, ndipo okonza ankafuna munthu mmodzi wothawa nkhondo akadzilankhulire yekha, limodzi ndi womumasulira. Anthu a ku Namwera sanavutike, anasankha a Mwalimu. Womasulira ndinali ine. Popeza ulendowo unali wa usana ndi usiku, komanso a Mwalimu anali achikulire, okonzawo anati tonse awiri tikakhale kutsogolo, ku mipando ya mabwana imene amati bizinesi kalasi. Ndinene poyera kuti mpando umenewo ndinaupezera pa imvi zawo.

Bwana wathu, mayi wachizungu, ankapita kutchuthi kwawo. Anandisiyira timabuku tiwiri tochokera kwa wogulitsa matikiti wa ku Blantyre, nati, “Kambiranani ndi a Mwalimu, musankhe imodzi.”

Timabukuto tinandizunguza mutu. Kampani yoyamba inkadzera kumpoto, kusintha ndege katatu, kudikira nthawi yaitali pamabwalo, ndipo mipando yake inkangopendekeka pang'ono. Yachiwiri inkadzera kumwera, kusintha kamodzi kokha. Pachithunzi chake panali mzungu atagoneka mpando, miyendo ili pakachopondera, mtsikana akumufunditsa bulangete, pambali pali tambula ya vinyo. Chithunzi chimenecho ndinachiyang'ana mpaka pepala linada m'mphepete. Ndinkayenda nacho m'thumba la malaya, kuonetsa anzanga kumsika, pamlatho, ngakhale kwa ometa tsitsi. Ndinkafunsa anthu amene sanafikepo n'komwe ku Lilongwe kuti, “Inu mukanakhala ine, mukanakwera iti?” Sindinkafuna nzeru zawo ayi, ndinkangofuna amve kuti ndili ndi vuto lotere.

M'kabuku ka kampani yakumwerayo munali mzere wa timalemba ting'onoting'ono. Unkanena kuti wopanda pasipoti yeniyeni ayenera kukhala ndi chilolezo chapadera chodutsira pa bwalo losinthira ndege, ndipo chilolezocho chimatenga nthawi. A Mwalimu analibe pasipoti. Anali ndi pepala loyendera limene othawa kwawo amapatsidwa. Mzerewo ndinauwerenga, ndipo ndinaumva bwino lomwe.

Ndinapita ku Namwera kukakambirana nawo monga anandiuzira bwana. Ndinawapeza akusoka mphasa pakhonde. Titapatsana moni, ndinayala timabuku tija pamaondo pawo n'kufotokoza za mipando, za chakudya, za maola. Za mzere uja ndinadumpha.

“Ndiye a Mwalimu, mtima wanu uli pa iti?”

Anaseka pang'ono. “Achimwene, ine ndine mlendo m'dziko muno. Mlendo sasankha pogona. Sankhani ndinu, ine ndidzatsatira mapazi anu.”

Mwana aliyense wa kwathu amadziwa tanthauzo la mawu otere. Mkulu akati sankhani ndinu, sakukumasula kuti uchite zokomera iwe. Akukusenza katundu, kuti umusankhire chimene chingamusunge iyeyo. Ine ndinakulira m'mwambo womwewo. Koma tsiku limenelo ndinadzisandutsa mzungu, mawuwo n'kuwatenga monga momwe anamvekera. Ndinasankha yakumwera ija.

Wogulitsa matikiti uja anaimbanso foni ku ofesi. “Bambo, mnzanuyo mapepala ake ali bwino? Njira yakumwerayi savomera zachibwana.”

“Zonse zili m'malo mwake,” ndinayankha. Mumtima ndinkati kalata ya msonkhano ili ndi chidindo chachikulu, ndipo ine ndi Chingerezi changa palibe khomo limene lingatikanike.

Lachisanu lomaliza, kumzikiti anawachitira a Mwalimu duwa, pemphero la ulendo. Atatuluka anayenda msasa ndi msasa kutsanzika, monga amachitira munthu wopita kutali. Telala wina anawasokera mkanjo woyera. Amayi ankawagwira dzanja n'kuwauza kuti, “Mukanene zonse, musakasiye kanthu.” Anthu anatiperekeza mpaka pamsewu, ena akulira, ena akuseka.

Pabwalo la ndege ku Lilongwe, mtsikana wapakauntala anadinda tikiti yanga mosavuta. Atatenga pepala la a Mwalimu analitembenuza kawiri, n'kuitana wamkulu wake. Wamkuluyo anafunsa chilolezo chodutsira. Ndinatulutsa kalata ya chidindo ija. Ndinalankhula Chingerezi chonse chimene ndinali nacho, chinanso chongopeka pomwepo. Bamboyo anandimvetsera mwaulemu mpaka nditatha, kenako anati a Mwalimu sangawakweze, chifukwa akakafika uko adzawabweza.

A Mwalimu anaima pambali ndi kachikwama kawo, akuyang'ana milomo yathu. Ndinawamasulirira zimene bamboyo ananena.

“Pitani inuyo, achimwene,” anatero. “Nkhani yathu mumaidziwa. Tikabwerera tonse, ndiye kuti anthu aja alira pachabe.”

Ndikanatha kukana. Sindinakane. Dalaivala wa ofesi anawatenga kubwerera nawo ku Namwera, ine n'kulowa mkati.

Mpandowo unkagonekadi, sananame. Anandipatsa kansalu kotentha kopukutira m'manja, ndipo poyamba sindinadziwe ntchito yake. Anandifunsa ngati ndikufuna nsomba kapena nyama ya nkhosa. Mpando wa pambali panga unali wopanda munthu ulendo wonse, ndipo mtsikana wa m'ndegemo anandiuza mwansangala kuti ndili ndi mwayi, ndikhoza kuikapo jekete. Ndinaikapodi.

Kumsonkhano ndinalankhula m'malo mwawo. Mawu onse ndinali nawo, popeza ndinawamasulirapo kambirimbiri. Anthu anaomba m'manja. Kenako mayi wina anaimirira n'kufunsa kuti, “Inuyo panokha, tsiku limene munathawalo, munanyamula chiyani?” Ndinayankha kuti ine sindinathawepo, ndine womasulira chabe. Anagwedeza mutu mwaulemu n'kukhala pansi, ndipo panalibenso wina amene anafunsa kanthu.

Nditabwerako, dalaivala anandiuza mmene zinathera. A Mwalimu anapempha kuti awatsitse patali ndi misasa. Anavula mkanjo uja n'kuupinda, n'kulowa m'mudzi podzera kuminda. Koma munthu amene watsanzika khomo ndi khomo sangabwerere mobisa. Anayenera kuyendanso makomo omwewo kufotokoza kuti sanapite. Lachisanu lotsatira anakhala kumbuyo kwenikweni mumzikiti, iwo amene ankakhala mzere woyamba.

Ndinatha milungu iwiri ndikupeza zifukwa zosakwerera phiri lija. Pomaliza ndinapita, nditakonza mawu oti ndiulule zonse. Ndinawabwereza mumtima njira yonse kuchokera pa boma.

Anandilandira ndi manja awiri, n'kundiyalira mphasa. Anafunsa za ulendo, ngati kunali kozizira, ngati anthu anamvetsera. Ndinayankha mwachidule, ndikudikira mpata. Ndisanaupeze, iwo anatsitsa mawu n'kundigwira bondo.

“Achimwene, pali chinthu chakhala chikundisowetsa mtendere. Tsiku lija pabwalo ndinakuchititsani manyazi pamaso pa anthu. Inu munavutika kundikonzera zonse, munandilankhulira mpaka thukuta, koma pepala langa losauka lija linakuonongerani ulendo. Mundikhululukire.”

Mawu onse amene ndinakonza anali pakamwa pomwepa. Ndinayang'ana dzanja lawo pabondo langa.

“Palibe kanthu, a Mwalimu,” ndinatero. “Ndakukhululukirani.”