Masamba a m'mphepete mwa nazale

Chizindikiro choyamba chinali malovu. Mwana wanga Esinati anali atangotsuka mbale pamene anayamba kulavula mosalekeza, thukuta lili kamukamu, kenaka kusanza. Unali mwezi wa Okutobala, nthawi ya nazale za fodya kuno kwa Chulu, ndipo iye anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi.

Esinati amagwira ntchito yophika m'nyumba ina ku Lilongwe. Ulendo wapitawo atabwera kudzationa anabweretsa mbewu ya masamba owawira otchedwa roketi, odya osaphika, n'kufesa m'mphepete mwa nazale ya bambo ake pa esiteti yomwe timalimapo. Tsikulo anati aphika chachangu. Anakazinga nkhuku, n'kuiduladula, n'kusakaniza ndi masambawo, tomato ndi mandimu. Ine ndinakana, ndinati zaziwisi n'za mbuzi. Bambo ake anatola nyama yokha, masamba n'kukankhira pambali. Ndinkayesa ndi matama awo a masiku onse.

Tinamutengera pachipatala chaching'ono pa njinga yamoto, ndipo kumeneko anatitumiza kuboma. Pofika n'kuti akupuma movutika, manja akunjenjemera. Adokotala anamuunika m'maso, nafunsa ngati wakhudza mankhwala a m'munda. Amuna angawo anayankha msangamsanga kuti mwina nkhukuyo inali ya chitopa. Nkhuku yomwe ndinaweta ndekha! Adokotala anapukusa mutu.

"Awa ndi mankhwala opopera. Tayamba kumuthandiza, koma tikadziwa mtundu wake tipulumutsa awiri."

Apo ndi pamene ndinakumbukira mbale ija. Ndinawakokera amuna anga pakhonde n'kuwafunsa chomwe anasiyira masamba. Anayang'ana pansi. Anavomera kuti dzulo lake anaona nsabwe pamasambapo, napopera mankhwala a fodya a bwana wa esiteti, ndipo ankaopa kuti kapitawo akamva atithamangitsa.

"Ndimati akatsuka zichoka, mayi a Esinati."

Mpaka lero mtima umandiwira. Munthu kukhala pamphasa imodzi ndi mwana wake wodwala pakati, kumuonerera akutafuna poizoni, iye n'kumasankha minofu! Umphawi ndikuudziwa, mantha a kapitawo ndikuwadziwanso, koma pakamwa sipalipiridwa msonkho. Ndinawauza kuti akatenge botolo la mankhwalawo, apo ayi asadzapondenso pakhomo panga. Anapita, nabwera nalo.

Esinati anagona m'chipatala sabata yoposa imodzi. Anamuika madiripi ndi mpweya wothandizira kupuma, jakisoni pafupipafupi. Ine ndinkagona pansi pambali pa bedi, n'kumaphika phala kukhitchini ya odwazika. M'mawa uliwonse namwino ankaika kachipangizo komvera kamtima ka mwana pamimba pake, ine mtima uli m'malere. Tsiku lina namwinoyo anandipatsa kuti ndimvere ndekha. "Mayi, kakugunda bwinobwino." Ndinalira pamaso pa wodi yonse.

Mwanayo anabadwa mu Januwale, wamkazi, wathanzi. Esinati ali bwino, ngakhale amatopa msanga. Paesiteti sanatithamangitse.

Anzanga olima fodya, ndiwo zikhale kutali ndi nazale. Munthu akayamba malovu ndi thukuta atangodya, thamangirani kuchipatala, botolo la mankhwala lili m'manja, ndipo nenani zoona.

Amuna anga anapepesa, ndipo mdzukulu amamunyamula. Kukhululuka ndikuyesa. Koma pakudya ndimayang'ana mbale yawo, ndipo chomwe iwo akankhira pambali, pakhomo panga sadya munthu.