A Kampasi Sanathamange Nawo

Amuna anga anthu amawatchula kuti a Kampasi. Ntchito yawo yeniyeni ndi yokonza mapaipi, koma mukawafunsa za mpope wathu wa m'khitchini womwe wakhala ukudontha kuyambira kalekale, akuuzani kuti mawa. Mtima wawo uli m'nkhalango ya kuseri kwa sukulu, komwe chaka chilichonse kumachitika mpikisano wa mapu. Wothamanga aliyense amapatsidwa mapu ndi kampasi, n'kulowa m'tchire yekhayekha kukasaka timbendera tobisika. Akapeza kamodzi amaboola khadi lake ndi kachitsulo kopachikidwa pomwepo. Wopeza tonse msanga ndiye wapambana.

Woika timbenderato anali iwowa, kuyambira ana athu ali kumsana mpaka onse kukwatira. Wosoka ndinali ine, ndipo sindikukumbuka wina atandithokoza. Mpikisano ukayandikira tebulo lodyera linkasanduka la mapu, ife n'kumadyera mbale pamiyendo. Loweruka lililonse ankabwera masokosi ali chisoso chokhachokha, n'kumandifotokozera za chiswe chomwe chamanga chulu chatsopano, ngati ndawafunsa. Ndinkanyansidwa nayo nkhalangoyo, sindibisa. Inali mkazi mnzanga.

Tsono pali lamulo lakuti woika timbendera sathamanga nawo, poti amadziwa pomwe tili. Zaka zonsezi iwo ankangoima pomalizira, n'kumaona anzawo akutuluka m'tchire ali wefuwefu, chisangalalo chili tsaya ndi tsaya. "Tsiku lina ndidzathamanga nawo, mayi," ankatero pobwerera. Ine ndinkawaseka kuti ndi mimba imeneyo?

Chaka chino a komiti anati abambowa akula, apume, ntchito yoika timbendera ipite kwa mphunzitsi wina wamkazi wa masamu. Ndinakonzeka kuwatonthoza, koma anafika pakhomo akuimba mluzu. Anati mpata uja wapezeka. Anayamba kudzuka m'mamawa kuthamanga kuzungulira bwalo la sukulu, bondo likulira ngati chitseko chopanda mafuta. Shuga anasiya. Kunkhalango sanapondeko ngakhale kamodzi, kuopa kuti angaone mwangozi pomwe mphunzitsiyo akukonza.

Patsikulo tinafika anthu asanachuluke. Anaima pamzere wa patebulo lolembetsera atavala kabudula, miyendo ili mbuu, kampasi ili lendelende m'khosi. Atafika kutsogolo, wapampando wa komiti anawatengera pambali, ine ndikumva.

"Pepani a Kampasi. Anzanu adandaula. Akuti nkhalango iyi mumaidziwa ngati kuchipinda kwanu, ndiye mukathamanga nawo sipakhala chilungamo."

"Koma timbendera sindinaike ndine."

"Tikudziwa. Koma mwala uliwonse m'menemo ndi mnzanu. Mutithandize kulozera magalimoto poimika."

Apo ndiye ndinalowererapo. Ndinawafunsa wapampandowo kuti munthu wokalamba moti sangaike mbendera, angakhale bwanji woopsa moti sangathamange nawo? Asankhe chimodzi. Anangomwetulira, n'kunena kuti mayi musatenthe mutu, ndi lamulo. Lamulo lake liti, lopangidwa dzulo pa foni? Amuna anga anandigwira mkono kuti anthu akuona. Analandira chovala chachikasu cha olozera magalimoto, n'kuvala pamwamba pa kampasi yawo.

Chomwe chinandiwawa kwambiri n'chakuti mpikisano unayenda bwino. Palibe anasochera, palibe anathyoka mwendo. Mphunzitsiyo anaigwira ntchito, ndipo anamuombera m'manja. Ine ndinkalakalaka wina atagwera m'dzenje, Mulungu andikhululukire. Iwo tsiku lonse anali kumsewu, msana atalozetsa kunkhalango, akukangana ndi madalaivala.

Mphoto zitaperekedwa, anthu akumwazikana, anapita kwa mphunzitsi uja kukapempha mapu otsala. Mtsikanayo anawapatsa ndi manja awiri, koma anati, "Bambo, timbendera achotsa kale tonse."

"Palibe kanthu, mwanangu."

Anavula chachikasucho, kundipatsa, n'kulowa m'tchire chothamanga. Ndinakhala pachitsa kuwadikira. A komiti anapinda matebulo, kuzula mahema, kukweza zonse m'galimoto. Wapampando anandibayibitsa. Sindinakweze dzanja. Pabwalo panatsala ine ndi mabotolo opanda madzi.

Amuna anga anatulukira dzuwa litapendeka, matope mpaka m'mawondo, akutsimphina koma akuthamangabe. Anadutsa pomwe panali chingwe chomalizira, n'kuwerama manja ali pamawondo. Mpweya utabwerera anati, "Malo onse ndawapeza. Ndatenga nthawi yotalika bwanji?"

Ndinawauza kuti wa wotchi anapita kalekale, ndipo ine foni ndinasiya kunyumba.

Anayang'ana bwalo lonse, uku ndi uku, ngati mwina wina watsalira kuseri kwa mtengo. Kenako anati, "Koma mmene mwaonera inuyo, mayi, ndikanakhala wachingati?"

Ndinatsegula chikwama changa. Ndinangowapatsa madzi omwe ndinawasungira.