Bokosi la Tizilombo Makumi Anayi

Khamtan wa m'mudzi wa Nong Phue sanapitirire kalasi yachinayi. Mphunzitsi wamkulu wa nthawi imeneyo, munthu amene ankafika kusukulu akununkha kachasu wa mpunga, anauza bambo ake kuti mutu wa mwanayo ndi wa kudambo, amusiye azikadyetsa njati zoweta zolimira mpunga. Bambowo anavomera, popeza mawu a mphunzitsi masiku amenewo sankayankhidwa. Mphunzitsiyo anamwalira kalekale, ndipo dzina lake analilemba pa chipata cha sukulu ndi zilembo zagolide. Khamtan amadutsa pachipatapo m'mawa uliwonse, chidebe kumanja, kakhasu paphewa, osacheuka n'komwe.

Ntchito yake ndi tizilombo todyedwa. Zaka makumi anayi wakhala akutigwira, ndipo m'chigawo chonse cha Kalasin mulibe amene angamuuze kanthu pa nkhaniyi. Amadziwa kuti dzuwa la Malichi likaswa mtengo nyenje zimakakamira pa thunthu mbali ya mthunzi, ndipo amazitola ndi ulimbo wa kunsonga ya nsungwi. Amadziwa ndowe za njati zimene pansi pake pali zikumbu zonona ndi zimene zili zopanda kanthu; sagwada, amangozikhudza ndi chala cha kuphazi. Una wa nkhululu amausiyanitsa ndi wa chinkhanira akadali chapatali. Mkazi wake, Bualai, amakazinga zonsezo ndi masamba a mandimu n'kumagulitsa pamsika wa m'mawa, pambali pa amayi a mpunga womata. Anthu a ku Bangkok, omwe aja ankatiseka kuti timadya zinyalala, lero akuika nkhululu m'timapepala tonyezimira n'kumazitcha chakudya cha m'tsogolo. Manyazi alibe.

Chimene anthu amaima n'kumaonerera ndi manja ake. Chiwala chikangogwera m'dzanja la Khamtan, chala chachikulu chimatsetsereka kamodzi: mapiko thotho, miyendo ya minga thyo, n'kuchiponya m'chidebe chili chokonzeka kulowa m'mafuta. Mwini wake amakhala akuyang'ana kwina, akutsutsana ndi anzake za nkhonya za dzulo pa kanema. Bualai amanena yekha kuti iye anakwatiwa ndi chala chimenecho, mwamunayo anangobwera nacho.

Chaka chimene mwana wawo wotsiriza, Phikun, anamaliza fomu yachitatu, kunabwera kalata yochokera ku sukulu yaikulu ya m'tauni. Mtsikanayo anali m'gulu la oyembekezera malo m'kalasi yapadera ya bayoloje, kalasi imene imatulutsa madokotala. Oitanidwa anali makumi anayi ndi asanu, mipando makumi atatu. Chosefera chinali ntchito ya pa tchuthi cha nyengo yotentha: aliyense abwere tsiku lotsegulira, pakati pa Meyi, ndi bokosi la tizilombo makumi anayi ta m'magulu khumi osiyana, touma, tobayidwa pa mapini, kalikonse ndi kapepala kake konena dzina, malo ndi tsiku. Wolephera abwerere ku sukulu ya kumudzi kwawo.

Phikun anawerenga kalatayo mokweza pansi pa nyumba yawo yomangidwa m'mwamba, pakati pa nsanamira, pomwe banjalo limathawira dzuwa masana.

"Makumi anayi?" anafunsa Khamtan. "Zidebe makumi anayi?"

"Tizilombo makumi anayi, ababa."

"Ndiye aphunzitsi akowo akakhuta? Amake Phikun, tamverani, kutauni kwagwa njala."

"Sakadya, ababa. N'ta maphunziro. Anzanga ena akuti angoitanitsa pa foni bokosi lokonzakonza."

"Mwana wa Khamtan agule tizilombo? Ndisadzamvenso. Iwe pita ukawerenge mabuku ako, izi undisiyire ine mwini wake."

Kalata yomweyo inalamulanso kuti anawo akakhale m'tauni milungu itatu pa maphunziro okonzekera, chikondwerero chothirana madzi chikangotha. Wolemba kalatayo sanadzifunse kuti mwana wotsekeredwa pakati pa makoma a simenti tizilomboto akatigwira nthawi yanji. Anthu a m'maofesi sadzifunsa. Phikun anapita kukakhala kwa azakhali ake, ntchito n'kusiyira bambo ake.

Khamtan anaigwira ngati akukonzekera ukwati. Sanatole chisawawa. Anasankha nyenje zazikazi zodzaza mazira, ziwala zonenepa za m'ziputu za mpunga, zikumbu zazikulu zonyezimira msana. Anaziyanika pa lichero pamthunzi, n'kumazitembenuza kawiri pa tsiku, ndipo Bualai akangoyandikira ndi chiwaya ankamukalipira ngati wakuba. Pofika tsiku lobwera mwana, Khamtan anali nazo mazana awiri, atazindandalika pa mkeka m'mizere ngati asilikali.

Phikun anatsika basi, anaika chikwama pansi, n'kuyang'ana pamkekapo.

"Mapiko ali kuti, ababa?"

"Mapiko? Nkhuku zinatola. Ndakukonzera zonse, mwanangu, palibe choti ukavutike nacho."

"Nanga miyendo?"

"Ya minga ija? Ukufuna ikawabaye aphunzitsi pakhosi?"

"Ndinanena kuti sakadya!" anatero Phikun. "Gulu la kachilombo timalidziwira mapiko. Miyendo timachita kuwerenga. Zonsezi n'zopanda ntchito, ababa. Ndiponso pano pali magulu atatu okha, ndipo masiku atsala khumi."

Bualai, ali pa kamtondo kake kosinjira papaya, anaseka mpaka kupukuta misozi. "Katswiri wa Kalasin yense! Milungu itatu mwandimana malonda, kani mumavula tizilombo ta mwana malaya."

Khamtan anangodzuka. Anapita kukamwetsa njati imene inali itamwa kale. Atabwerako anakhala pa mkeka, anakankhira zouma zija kwa mkazi wake, n'kuuza Phikun kuti, "Tsegula bukulo. Undionetse magulu akowo, ndiwaone nkhope."

Sizinamuvute. Phikun atamuonetsa kuti nkhululu, chiwala ndi bololo ndi banja limodzi, iye anati zimenezo anazidziwa asanagule buluku loyamba, poti zonse zimafiira mofanana m'mafuta. Zoti nyenje ndi nsikidzi n'zapachibale anavomeranso, poti zonse zili ndi mlomo wa singano woyamwira. Pamene anadzidzimuka ndi pa ngumbi.

"Ukuti ngumbi ndi mphemvu?"

"Gulu limodzi. Buku latsopano likutero."

Khamtan anacheukira kumene kunali mkazi wake, n'kutsitsa mawu. "Zimenezi zithere pompano. Zikamveka kumsika amako atseka malonda."

Vuto linali dzanja. M'mawa mwake anagwira tombolombo wofiira m'mbali mwa dziwe, ndipo pamene ankaitana mwana kuti adzaone, mapiko onse anayi anali kale pansi. Chiswamphika chimodzimodzi. Gulugufe chimodzimodzi. Chala chinkangogwira ntchito yake ya zaka makumi anayi osapempha chilolezo kwa mwini wake. Anachitukwana, anachiluma, koma osathandiza. Pamapeto pake anang'amba mpango wake wa m'chiuno, n'kuuza Phikun kuti amange zala zazikulu zonse ziwiri, zigone kuchikhatho.

"Ndimange molimba?"

"Ngati ukumanga mbuzi ya eni. Chala ichi sichimva."

Mudzi wonse unamuona akuyenda chotero, manja okulungidwa ngati wankhonya, atapanira ukonde wosokedwa ndi neti yakale ya udzudzu. Munthu amene moyo wake wonse sanatayepo nthawi pa kachilombo kosadyedwa, tsopano ankabisalira ntchentche zobiriwira pa tebulo la mchemwali wa mkazi wake, wogulitsa nyama ya nkhumba.

"Alamu, zafika pamenepa?" anakuwa mayiyo kuti msika wonse umve. "Mng'ono wanga wayamba kukazinga ntchentche?"

"Zanu zomwezi, alamu. N'zonenepa kuposa nkhumba mukugulitsayi."

"Nanga manjawo? Mwamenyana ndi chiwala?"

"Ndapambana ndine. Inu zipirikitsani ogula monga mwa masiku onse, ntchentchezi mundisiyire."

Bualai anamuletsa kuyandikira benchi lake atanyamula botolo la mphemvu. Mavu anamuluma pachikope, diso n'kutupa masiku awiri, iye n'kumati diso limodzi likukwanira pa ntchito ya ana. Tombolombo wina anamudikira ola lathunthu ali chiimire m'matope, Phikun akung'ung'udza kuti nthawi ikutha. "Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero Khamtan osacheuka. "Ameneyu amabwerera pa kamtengo komweko. Taona." Tombolomboyo anabwereradi, ndipo analowa m'botolo ndi mapiko ake onse.

Kubaya ndi kutambasula mapiko inali ntchito ya Phikun, ndipo manja ake anali odekha. Mapini enieni a tizilombo amapezeka m'sitolo imodzi yokha m'tauni, ndipo anatha sabata yoyamba, ana a eni masitolo ndi a akuluakulu a boma atasesa onse. Iye anatenga mapini a telala. Polemba timapepala ankafunsa bambo ake, ndipo iwo sankangoti kumunda kapena kudziwe. Ankatchula mtengo wake, mbali yake, ndi kuzama kwa dzenje. Nyerere zitayamba kuzungulira bokosi, Khamtan sanafunse buku. Anaimika miyendo ya tebulo m'zigoba za kokonati zodzaza madzi, monga timachitira ndi kabati ya chakudya m'nyumba iliyonse kuno.

Tsiku lachisanu ndi chitatu anawerenga magulu: zikumbu, ziwala, nyenje, agulugufe, atombolombo, ntchentche, mavu, mphemvu, ziswamphika. Asanu ndi anayi. Khamtan anali atawerengera ngumbi padera, ataiwala ubale wochititsa manyazi uja. Phikun anatsegula buku n'kumaloza zithunzi za magulu otsala. Ena anali a m'mitsinje ya m'mapiri, ena a maiko ozizira. Nkhope yake inagwa.

"Bwerera tsamba limodzi," anatero Khamtan. "Ako kophwatalalako, kopanda mapiko. N'kachiyani?"

"Nsabwe. Koma ndani angavomere kuti ali ndi nsabwe? Ndiponso n'zazing'ono kwambiri, sizingaoneke m'bokosi."

"Za anthu ndiye zazing'ono."

Anapita kukhola, anapisa m'ubweya wa pakhosi pa njati, n'kubwerako ndi nsabwe zitatu, iliyonse ngati njere yosweka ya mpunga. Anaziika m'dzanja la mwana wake mosamala. Phikun anamata imodzi pa kapepala kolimba n'kubaya kapepalako ndi pini. Magulu anakwana khumi.

Tsiku lotsegulira Khamtan anavala malaya ake opitira kukachisi, namutenga mwanayo pa njinga yamoto, bokosi lili pa miyendo, lokutidwa ndi pulasitiki kuopa mvula. Makolo sankaloledwa kulowa, choncho anaima pa windo. Mabokosi makumi anayi ndi asanu anali atandandalikidwa pa matebulo. Ena anali a galasi pamwamba, m'kati muli agulugufe abuluu aakulu ngati chikhatho, amene sanaulukepo m'chigawo chino chilengedwere dziko. Khamtan anawayang'ana kamodzi kokha n'kudziwa kuti ndi ogula. Munthu wa kalasi yachinayi anaona zimenezi ali panja pa windo. Mphunzitsi wa madigiri awiri, Mayi Suwimon, anaima pa mabokosi omwewo n'kumagwedeza mutu mokondwa.

Atafika pa bokosi la Phikun anawerenga magulu ndi cholembera, kawiri. Kenako anawerama pa nsabwe ija.

"Iyi unaitenga kuti?"

"Pakhosi pa njati yathu, aphunzitsi."

Ana ena anaphulika chiseko. Phikun sanawerame.

"Nanga chikumbu ichi, walemba kuti chinali pansi mkono umodzi. Unayeza, kapena wangolemba?"

"Bambo anga ndiwo anakumba, ine ndinayeza. Nthaka ikauma zimatsika pansi, mvula ikagwa zimakwera. Chikumbu chinacho pambalipo tinachipeza mvula itagwa, ndalemba kuzama kwake komweko."

Mayi Suwimon anayang'ana kapepala kachiwiriko, nalemba kanthu m'buku lawo. Kenako anakhudza mutu wa pini imodzi, nanena kuti mapini a telala amachita dzimbiri, achotsapo malikisi khumi. Sanafunse chifukwa chimene mwana wa kumudzi anabwerera ndi mapini a telala. Anangopitirira pa bokosi lotsatira.

Mndandanda anaumata pa bolodi dzuwa litapendeka. Eni agulugufe abuluu aja anali pamwamba, kuyambira woyamba mpaka wachisanu, ndipo mpaka lero palibe amene anawafunsa kuti anawagwira pa mtengo uti. Phikun anatsika ndi chala, mzere ndi mzere, mpaka anapeza dzina lake pa nambala makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Anatuluka maso ali psuu.

"Anditsitsa chifukwa cha mapini, ababa. Ogula aja ndiwo ali pamwamba."

"Ndawaona. Mipando anati ingati?"

"Makumi atatu."

"Wako uli m'kati kapena kunja?"

"M'kati."

"Ndiye mawa ukakhalepo, ukhazikike bwinobwino. Mayeso a chaka chino sagulitsa m'sitolo muja, aliyense akalowa ndi mutu wake." Analiza njinga yamoto, n'kumupatsa chipewa. "Kwera. Ndamva makolo ena akuti pamafunika nsapato zakuda ndi malaya oyera a mu labu. Tiye tikaziyang'ane asanatseke."