Wokolopa amene anakhazika seva

Kingston anamulakwira Esinati mu Malichi 2009, ndipo anachita izi m'maso muli gwa.

Onse awiri ankagwira ntchito pa situdiyo ina m'tauni, yomwe inkaulutsa nyimbo ndi zotsatsa malonda m'masitolo. Kingston anali injiniya wa mapepala ake. Esinati anali wokolopa. Masitolo atayambanso kukhala ndi katundu, mwini situdiyo, bambo Tendekai, anagula seva, kompyuta yoti iziyendetsa wailesiyo yokha tsiku lonse. Kingston anakopera nyimbo zonse kuchokera m'makina akale, n'kufufuta akalewo tsiku lomwelo. Sanadziwe kuti zizindikiro zosonyeza gulu la nyimbo, poyambira pake ndi pothera pake, zapita nawo limodzi.

M'mawa mwake ogula anamva malodza. Nyimbo ya maliro inatsatana ndi malonda a sopo, kenako zii mphindi ziwiri. Eni masitolo anayamba kuimba foni.

"Ndi mubwidi uyu," Kingston anauza abwana. "Wathira madzi m'makina akale pokolopa." Mubwidi ndi dzina lomwe amatinyoza nalo ife amene makolo athu anachokera ku Malawi.

Abwana sanafufuze. Analemba kalata yoti mwezi ukatha, Esinati asadzabwerenso.

Esinati anabadwira pa famu ya fodya. Atawathamangitsa kumeneko mu 2002, anakapanikizana m'chipinda chimodzi cha lendi ku Epworth, kunja kwa tauni, iye, ana ake awiri ndi bambo ake okalamba, a Zebedee. Ntchito ikatha, chipindacho chathanso.

Koma panali chimene Kingston sankachidziwa. Kwa zaka zitatu Esinati ndiye ankayamba kufika. Owulutsa mawu akasowa kombi, minibasi yopitira ku ntchito, ankamuimbira foni: "Sisi, dinani batani lobiriwira, kenako la pansi pake." Umu ndi mmene anaphunzirira kompyuta, batani limodzilimodzi.

Anagogoda kwa abwana.

"Bambo, mwezi sunathe. Masiku atsalawa ndiloleni ndikhale pa mpando uwo."

"Sukulu unalekeza pati?"

"Giredi seveni."

"Khalapo. Palibenso chimene ungawononge."

Mu sevamo munali nyimbo ndi zotsatsa zikwi zinayi pamulu umodzi, zopanda mayina, manambala okhaokha. Kingston anasuzumira pakhomo. "Mai injiniya, mukatopa ndowa yanu ili kuseri kwa chitseko."

Esinati anayang'anitsitsa mulu wa manambalawo. Mulu wotere anali ataudziwa kale ku shedi yosankhira fodya. Kumeneko kulibe chidule: tsamba ulitola, uliyang'ana uku ndi uku, uliika pa giredi yake. Anavala mahedifoni. Nyimbo iliyonse ankaimvera poyambira, n'kudula pomwe pali zii, n'kulumphira kumapeto, n'kudulanso. Akatero ankailemba dzina n'kuiika pa gulu lake: za m'mawa, za Mulungu, zovina za sungura, zotsatsa. Za maliro anazitsekera pazokha.

Magetsi ankabwera maola ochepa. Akazima, ankajambula ndondomeko ya ola limodzi m'kope la mwana wake: nyimbo ziwiri, malonda, nyimbo, kulengeza nthawi. Masiku ena ankayenda wapansi kuchokera ku Epworth, kufika mapazi atatupa.

Kuyesa koyamba kunalephereka. Magetsi atazima n'kubweranso, seva inangokhala duu kudikira chala cha munthu, ndipo ataidina inayambiranso nyimbo za m'mawa dzuwa lili pamutu. Esinati analira pang'ono m'bafa, n'kusukusula. Zinamutengera masiku awiri, akuwerenga Chingerezi cha pa sikirini liwu ndi liwu, kuti apeze pouzira seva kuti izidzuka yokha, iyang'ane wotchi, ipitirize pa ola lomwe lafika.

Sanamalize zonse. Anakwanitsa mazana asanu ndi anayi, zokwanira sabata imodzi.

Tsiku lomaliza la mwezi, bambo Tendekai anaima kumbuyo kwake ola lathunthu, manja m'thumba. Nyimbo inkalandira inzake popanda mpata. Kenako anapita okha kukazimitsa magetsi pa khoma, n'kuyatsanso. Seva inadzuka, n'kutchula nthawi yolondola.

"Mawa ubwere," anatero. "Zatsalazo umalize."

Lero Esinati amakhala ku Dzivarasekwa, m'nyumba ya zipinda zitatu, ndipo masitudiyo ena amamuitana makina awo akavuta.

Inu amene akunamizirani, musakhale pansi kudikira kuti abwere adzapepese. Sabwera. Chimene manja anu anaphunzira kumene munavutika, chigwiritseni ntchito, ndipo mtima usagwe.

Kalata yonena kuti Esinati anathira madzi m'makina ikadali mu fayilo yake. Kingston ali ku Joni, ndi kalata ina ya bambo Tendekai yonena kuti seva ija anaikhazika ndi iyeyo.