Bere Lomwe Ndinabisa Masiku Asanu ndi Limodzi

Chizindikiro choyamba ndinachiona Lachiwiri lina m'mawa, mwezi wa Febuluwale, ndikusamba. Bere langa lakumanzere linali litalimba gwa chakumunsi, likutentha. Mwana wanga woyamba, Tadala, anali ndi milungu isanu. Sindinauze munthu aliyense, chifukwa chimene chinachititsa ndinkachidziwa.

Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Msundwe. Ndinakachirira ku chipatala china cholipira cha m'tauni. Tsiku lotuluka, mu wodi munalowa mayi wina wotchena, yemwe sanali namwino, akugawa ulere zitini za mkaka wa ana. Anati mkakawo umanenepetsa mwana msanga ndipo ndi woyenera amayi apantchito. Ndinalandira ndi manja awiri. Mkaka m'mawere ndinali nawo wambiri, ndipo Tadala ankayamwa bwino. Koma nditafika kunyumba ndinayamba kumupatsa wa m'botolo, makamaka pakakhala alendo. Kunena mosabisa, ndinkafuna kuti azimayi a m'mudzi aone kuti mwana wa aphunzitsi sakula ngati ana awo.

Apongozi anga, aNankhoma, anandiuza kawiri kuti mwana aziyamwa. Kachiwiriko ndinawayankha pagulu kuti zinthu zinasintha, ndipo munthu wosapita kusukulu sangazimvetse. Anangotola khasu lawo n'kumapita kumunda.

Tadala anazolowera botolo, nayamba kukana bere. Chitini chitatsala pang'ono kutha, ndinayamba kuchepetsa masipuni n'kumachulutsa madzi. Madziwo anali a pamjigo, ndipo masiku ena sindinkawiritsa.

Lachitatu bere linafiira. Lachinayi ndinayamba kuzizidwa ndi kuphwanya m'thupi. Amuna anga ndinawauza kuti ndi malungo, ndipo berelo ndinalimanga ndi nsalu kuti lisaoneke. Loweruka Tadala anayamba kutsegula m'mimba. Pofika Lamulungu masana liwombo lake linali litalowa, akulira popanda misozi. Lolemba m'mawa amuna anga anaitana njinga yamoto, tinapita ku chipatala cha kwathu.

Tinakhala pabenchi kuyambira seveni koloko mpaka cha m'ma teni. Namwino anamuika Tadala pasikelo, nayang'ana m'buku lake, n'kuona kuti watsika.

"Kodi mwanayu akuyamwa?" anafunsa.

Ndinati eya.

"Tamuikeni kubere ndione."

Ndinamasula nsalu ija pamaso pa iwo ndi amuna anga. Inali itamatirira ndi mafinya. Amuna anga anayang'ana kumbali. Namwino sanakalipe, anangoti, "Mayi, mwadzizunza masiku angati?"

Anatigoneka tonse awiri. Tadala anamuika diripi. Ine adokotala anatumbula chotupa cha m'berelo n'kuchotsa mafinya, ndipo anandilembera jakisoni. M'mawa uliwonse adokotala akadutsa, namwino ankatsuka bala ndi kusintha thonje. Ululu wake ndinkaluma nawo chitenje.

Wodzatidikirira anali aNankhoma omwe aja, popeza mayi anga amakhala kutali ku Nambuma ndipo miyendo imawavuta. Apongoziwo anasiya fodya wawo ali pothyola. Ankaphika kukhitchini ya odikirira odwala, kuchapa nsalu zanga za mafinya ndi matewera a mwana, osatchulapo za chitini ngakhale kamodzi. Mayi wa pabedi loyandikana atawafunsa chifukwa chimene mwana sakuyamwira, anayankha kuti, "Bere lamuvuta, zimachitika." Ndikanakonda akanandinyoza. Tsiku lachisanu ndi chimodzi tili m'chipatalamo ndinawapepesa ndikulira. Iwo anati, "Imwani phala lisazizire. Mkaka subwera ndi misozi."

Namwino anandiphunzitsa kuyambiranso kuyamwitsa. Ndinkamuika Tadala kubere lakumanja pafupipafupi, usana ndi usiku, lakumanzere ndikulifinya pang'onopang'ono. Botolo namwino analetsa, mkaka wowonjezera Tadala ankamwa ndi kakapu. Masiku awiri oyamba ankatembenuza mutu n'kumalira mpaka kufiira. Tsiku lachisanu ndi chitatu la m'chipatala anagwira bere, ndipo ndinamumva akumeza. Anatitulutsa mawa lake, koma panatenga milungu itatu kuti mkaka wanga umukwanire.

Potuluka namwino anandiuza kuti alipo ana ofunikadi mkaka wa m'chitini, monga amene mayi awo anamwalira kapena adwalika, ndipo achipatala amaphunzitsa kakonzedwe kake. Wanga sanali m'gulu limenelo. Amuna anga anadandaula chinthu chimodzi chokha, kuti ndinawanamiza pomwe timagona nyumba imodzi. Zinatitengera nthawi kuti tiyambenso kuseka.

Lero Tadala ali ndi chaka ndi miyezi iwiri. Akuyenda chogwira mipando ndipo akuyamwabe. Kusikelo akukwera bwino. Ine ndinabwerera kuntchito, ndipo ndikakhala m'kalasi amakhala ndi agogo ake. Bere lakumanzere lili ndi chipsera, ndipo limatulutsa mkaka wochepa.

Amayi anzanga, wina akakupatsani chitini chaulere, yambani mwafunsa namwino ngati mwana wanu akuchifunadi. Bere likalimba kapena kutentha, mwana akatsegula m'mimba, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mukanene zoona zokhazokha. Ine ndinachedwa masiku asanu ndi limodzi poopa kusekedwa, ndipo amene analipira manyazi angawo ndi khanda la milungu isanu.