Aphunzitsi amene ankaswiza

Mawu akuti swither ndinawamva koyamba kwa aphunzitsi amene anabwera kwathu ku Nsaru ine ndili namwali. Iwo anaphunzira Kummwera, kwa mayi wina wa ku Sikotilandi, ndipo anabwerako ndi njinga, nsapato zoyera ndi mawu amenewa. Ankati ngakhale Angelezi ambiri sawadziwa, n'chifukwa chake ankawanyadira.

Ankawamasulira motere: munthu wafika pamphambano, njira zonse ziwiri akuzidziwa, koma miyendo ikukana kusankha. Si ulesi, si mantha, ndi mtima wopita uku ndi uku. Ife tinangowapinda n'kumati kuswiza. Mwana akachedwa kuyankha m'kalasi, aphunzitsi ankakuwa kuti, "Usaswize!" Mayi akamagwiragwira nsalu m'sitolo osagula, ati akuswiza. Ngakhale nkhuku yoima pakhomo la khola, osalowa osatuluka, inkadzudzulidwa.

Koma katswiri wa kuswiza anali iwo eni. Ankandifuna, inenso ndinkawafuna, ndipo mudzi wonse unkadziwa. Lamlungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi ankandiperekeza, akukankha njinga, mpaka pamtengo wa mkuyu, n'kubwerera. Chinkawavuta chinali chikamwini. Kwathu mwamuna amamanga nyumba kwa mkazi ndi kulima munda wa apongozi, ndiye iwo akayang'ana khasu, n'kuyang'ana manja awo a choko, ankangoti, "Tionana sabata yamawa."

Fodya atathyoledwa, mnyamata wina wa ku Nambuma, mlimi, anatuma amalume ake kwa amalume anga. Amalume angawo anati ndiyankhe za ukwatiwo tikamaliza kukolola chimanga.

Ndinawauza aphunzitsi zonsezi pamkuyu paja, kenaka ndinafunsa, "Kodi inu, amalume anu adzabwera liti?"

"Nkhani yotere safulumira nayo," anatero, akukonza belu la njinga lomwe linalibe vuto.

"Mukuswiza, eti?"

Anaseka, n'kundiyamikira kuti mawuwo ndawaika pamalo pake. Ndinapsa mtima moti ndinafika kunyumba osadziwa kuti ndayenda bwanji.

Chimanga chinalowa m'nkhokwe, amalume awo osaoneka. Ndinavomera wa ku Nambuma uja, ndipo anali mwamuna wabwino, sindidandaula. Ndinamva pambuyo pake kuti m'mawa mwake momwemo, ine nditavomera kale, aphunzitsi anapalasa njinga kukauza amalume awo kuti tsopano atsimikiza mtima.

Paukwati wanga, aphunzitsiwo ndi amene anatsogolera nyimbo m'tchalitchi. Anayimba bwino zedi, osaphonya ndime. Ine ndinalira, anthu n'kumati ndi manyazi a mkwatibwi.