Kagemu Kodya Mabatire

Dzulo mwana wanga anadandaula kuti foni yake yatha moto, ine n'kukumbuka kagemu ka njerwa kamene amalume anatibweretsera kuchokera ku Chipata tili kwathu kwa Mlonyeni.

Kanali kachikasu, konunkhira pulasitiki watsopano, ndipo kankalira ti-ti-ti njerwa zikamagwa. Vuto lake linali dyera: mabatire sankatha masiku awiri. Kakazima, ine ndinkayesa kuti njerwa zadzaza m'kati, choncho ndinkakakhutchumula kuti zituluke. Mkulu wanga Esnart ankayanika mabatire padzuwa n'kumawaluma ndi mano, koma sizinkathandiza.

Tsiku lina tinachotsa mabatire m'kawailesi ka bambo, osadziwa kuti linali tsiku lolengeza zotsatira za chisankho. Bambo atayatsa, kawailesi kanangoti zii. Anatipeza kuseri kwa chigafa cha fodya, tikuyembekezera mkwapulo.

"Bweretsani kagemuko kuno," anatero. Anakatembenuza, n'kudina kamodzi, kawiri, kenako anakhala pansi pafumbi pomwepo.

"Azungu akadzapanga kena, akaike chopalasa ngati cha makina osokera," anatero, maso ali panjerwa.

"Kapena kazidya dzuwa, ababa," anayankha Esnart.

"Ine ndikufuna kokhala ndi chitseko chotayira njerwa!" ndinakuwa.

Bambo anaseka mpaka misozi, njerwa zawo n'kuunjikana mpaka pamwamba. Anatibwezera kagemuko dzuwa litapendeka, ndipo amene anapambana chisankho tinakamumvera kwa aneba.

Lero ndi pamene ndimazindikira kuti pa moyo wanga wonse, bambo ndinawaona akusewera tsiku lokhalo.